Funsani Azakhali: Kodi Yang Guifei analakwa chiyani kwenikweni?

Mwezi uno makalata angapo abwera pa nkhani imodzi, ya mafilimu a ku China aja a mafumu akale amene ambiri mukuonera pa foni masiku ano, nde ndangowaika pamodzi kuti ndiyankhe kamodzi. Amene munafunsa za mapepala a unzika ndi za malowolo musadandaule, mwezi wamawa tibwerera kumeneko.

FUNSO: Azakhali, ine ndine mtsikana wa zaka 24, ndimaluka tsitsi pa saluni ina mtauni koma ndimakhala ku Dzivarasekwa. Ndikakwera kombi madzulo ndimaonera mafilimu a ku China pa foni, nde pali ina ya mkazi wina dzina lake Yang Guifei, wokongola zedi, mfumu inamukonda mpaka kuiwala ntchito kenako kunabwera nkhondo ndipo mapeto ake anamupha, ine ndinalira azakhali mpaka anthu mu kombi kumandiyang'ana. Nditawauza achimwene anga akuti ndikulirira hule amene anagwetsa dziko, akuti akazi okongola ndi choncho kulikonse amangobweretsa mavuto. Kodi munthuyu analipodi kapena ndi zopeka za mafilimu? Nanga ngati analipo ndi zoona kuti dziko linagwa chifukwa cha iye?
Woluka tsitsi, Dzivarasekwa

YANKHO: Mwana wanga, analipo ndithu, si zopeka ayi, ngakhale a mafilimu amathiramo mchere wawo wambiri. Dzina lake anali Yang Yuhuan, anabadwa mu 719 n'kufa mu 756 ali ndi zaka 37 zokha. Bambo ake anali wogwira ntchito ya boma ku dera la Shu, kumene lero kuli Sichuan, anamwalira iye akadali wamng'ono nde analeredwa ndi abambo ake aang'ono ku Luoyang. Guifei unali udindo, wa mkazi wapamwamba pa akazi onse a mfumu kupatula mfumukazi yeniyeni, ndipo poti mfumuyo inali itachotsa mfumukazi yake ya banja la Wang mu 724 osaikaponso wina, iye ndi amene anali pamwamba pa onse.

Mfumuyo inali Xuanzong wa ufumu wa Tang, wobadwa mu 685, anakhala pampando kuyambira 712 mpaka 756. Likulu lake linali Chang'an, mzinda umene lero ndi Xi'an, ndipo nthawi imeneyo munkakhala anthu pafupifupi miliyoni imodzi, amalonda a ku Persia, ophunzira a ku Japan ndi Korea, onse ankathamangira kumeneko. Ali mnyamata munthuyu anali wakuthwa mutu osati masewera, mpando sanaupeze mophweka, mu 713 analimbana ndi azakhali ake enieni, Taiping, amene ankafuna kumuchotsa, mpaka mayiyo anauzidwa kuti adziphe. Atakhazikika anasankha nduna zolimbikira ntchito ngati Yao Chong ndi Song Jing, anthu oti ankamuuza zoona pamaso, anachepetsa zoononga chuma za kunyumba yachifumu, kalembera wa anthu anakonzedwa, misonkho inkalowa, nkhokwe zinadzaza. A ku China mpaka lero amati zaka zimenezo ndi zina mwa zabwino kwambiri m'mbiri yawo yonse.

Tsono apa ndi pamene ndikufuna uonetsetse zaka bwinobwino, ukawawerengere achimwene akowo. Mu 734 mfumu inakweza nduna ina yochenjera, Li Linfu, wokoma pakamwa koma wa mpeni kumphasa, amene anakhala pa unduna pafupifupi zaka 19 ndipo luso lake lalikulu linali kutseka pakamwa aliyense wofuna kuuza mfumu zoona. Mu 736 msilikali wina wa kumalire, An Lushan, analuza nkhondo chifukwa cha phuma lake, anamutumiza kulikulu kuti akaweruzidwe, nduna yolungama Zhang Jiuling inanena kuti munthuyu aphedwe poti adzatisautsa mtsogolo, mfumu inakana n'kumukhululukira, ndipo posakhalitsa Zhang Jiuling yemweyo ndi amene anachotsedwa pa udindo. Mu 737 mfumu yomweyi inalamula kuti ana ake aamuna atatu afe, mmodzi wa iwo ndi amene anali woti adzalowe ufumu, chifukwa chongomvera mabodza a mkazi wake wokondedwa wa nthawi imeneyo, wa banja la Wu. Zonsezi zikuchitika Yang Yuhuan n'kuti asanalowe m'nyumba ya mfumu, anali kamtsikana ka zaka 17, 18 kali pabanja lake kwina. Udindo wa Guifei anaulandira mu 745.

Nde pali nkhani ya asilikali imene a mafilimu sakonda kuifotokoza poti siikoma kuonera. Pofika mu 742 asilikali pafupifupi 490,000 anali kumalire m'manja mwa akuluakulu ankhondo ochepa chabe, pamene kulikulu ndi pakati pa dziko kunatsala ochepa komanso osazolowera nkhondo. Li Linfu analangiza mfumu kuti maudindo amenewa azipita kwa asilikali a mitundu ina osati kwa ophunzira, poopa kuti wophunzira akakapambana nkhondo adzabwera kudzamulanda unduna. Umo ndi mmene An Lushan, wa magazi a chi Sogdia ndi chi Turk, anakwerera mpaka pofika mu 751 anali atagwira zigawo zitatu zankhondo nthawi imodzi, Pinglu, Fanyang ndi Hedong. Amene ankavomereza zonsezi ndi mfumu. Ndipo zinafika poti anthu akabwera kudzanena kuti An Lushan akukonza zoukira, mfumu inkawamanga n'kuwatumiza kwa An Lushan yemweyo kuti akathane nawo yekha.

Sindikuti mayiyu anali mngelo, ayi. Anadya nawo bwino ndipo abale ake anadya mopitirira muyeso. Azichemwali ake atatu anapatsidwa maudindo aulemu mu 748 ndi chuma chankhaninkhani, ankapikisana kumanga nyumba, wina akaona kuti ya mnzake yaposa yake ankagwetsa n'kuyambanso. Anthu 700 ntchito yawo inali yongoluka ndi kupeta nsalu za iye yekha. Choipa koposa anali mbale wake wa kuchimuna, Yang Guozhong, munthu wa juga ndi mowa paunyamata wake, amene anakwera chifukwa cha dzina la mlongo wakeyo komanso poti ankadziwa kusonkhanitsira mfumu ndalama, mpaka anakhala nduna yaikulu Li Linfu atamwalira. Uyu ndi amene anali kumbuyo kwa nkhondo yolimbana ndi ufumu wa Nanzhao, kumene lero kuli Yunnan, ana a eni ake masauzande ambirimbiri anafera kumeneko mu 751 ndi mu 754 iye n'kumapereka malipoti abodza kuti tapambana. Iye ndi An Lushan sankamwerana madzi, ankamuputa dala kuti aukire msanga mfumu ione kuti iye ankanena zoona, ndipo An Lushan poukira ananenadi kuti akubwera kudzachotsa Yang Guozhong. Pali kamodzinso pamene Yang Guifei analowereradi ndale, nkhondo itayamba mfumu inaganiza zosiyira mwana wake Li Heng kuti aziyendetsa boma, a banja la Yang anachita mantha poti mwanayo sankawafuna, nde mayiyu anakalira pamaso pa mfumu mpaka pulaniyo inafera pomwepo. Umenewo ndi mlandu wake ndipo sindimuikira kumbuyo.

Koma sanasankhe nduna, sanagawe asilikali, sanaphe ana a mfumu, sanatseke pakamwa anthu onena zoona. Agogo ake aakazi a Xuanzong, Wu Zetian, amene uja ndiye anali mkazi wolamuliradi, anafika podzitcha mfumu mu 690. Yang Guifei moyo wake unali wa nyimbo ndi kuvina, ankadziwa kuimba choimbira cha zingwe chija amati pipa, mfumu nayo inali katswiri wa ng'oma ndi kupeka nyimbo, ndipo apa ndi pamene mitima yawo inagwirizana. Olemba mbiri akale anali amuna odya za mafumu, kunali kophweka kwa iwo kulemba kuti mfumu yabwino inasocheretsedwa ndi mkazi kusiyana n'kulemba kuti mfumuyo payokha inalephera, ndipo nkhani yomweyi anali ataikamba kale pa akazi ena akalekale ngati Daji ndi Baosi. Kuno kwathu timazionanso, bambo akatenga penshoni yonse n'kukaithera kwa chibwenzi ku Chitungwiza, pamaliro pake aliyense amaloza mkaziyo ngati bamboyo anachita kumukoka ndi chingwe. Zimandipweteka kwambiri zimenezi mwana wanga, makamaka ndikamva mnyamata akuuza mlongo wake weniweni kuti akazi ndi choncho. Uwauzenso achimwene akowo kuti ufumu wa Tang sunathe nthawi imeneyo, unafooka inde koma unakhalapo mpaka 907.

FUNSO: Azakhali, ine ndine bambo wachikulire, mkulu wa mpingo kuno ku Mabvuku, makolo anga anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito kuno kalekale nthawi ya atsamunda. Mdzukulu wanga amakonda mafilimu amenewa ndipo wandiuza kuti mfumuyi inakwatira mkazi wa mwana wake womubereka yekha. Ine ndamukalipira kuti asamayankhule zolaula. Kwathu apongozi timapatukirana njira, sitidyera mbale imodzi, nanga anthu olemekeza makolo ngati a ku China akanalola bwanji malodza otere? Tandiuzani zoona zake.
Mkulu wa mpingo, Mabvuku

YANKHO: Zikomo bambo, koma mdzukulu wanuyo mumupepese, sananame. Mwamuna woyamba wa Yang Yuhuan anali Li Mao, kalonga wa Shou, mwana wa Xuanzong mwa mkazi uja wa banja la Wu, ndipo anakwatirana mtsikanayo asanafike zaka 20. Mayi Wu atamwalira kumapeto kwa 737 mfumu inakhala yosweka mtima kwa nthawi yaitali, m'nyumba zake munali akazi ambiri, mabuku akale amati pafupifupi 40,000 kuwerengera ndi antchito omwe, koma panalibe amene anamufika pamtima. Kenako maso ake anagwera pa mpongozi wake.

Mwafunsa kuti akanalola bwanji. Mwambo wawo sunkalola bambo, ngakhale pang'ono, kwa iwonso anali malodza ngati mmene mukuoneramu, n'chifukwa chake nkhaniyi anaiyendetsa mozungulira kwa zaka pafupifupi zisanu. Cha m'ma 740 kunatuluka chilengezo choti mkazi wa kalonga wapempha yekha kusiya banja kuti akadzipereke ku chipembedzo cha Tao, azikapempherera mzimu wa mayi ake a mfumu amene anamwalira kalekale. Anamupatsa dzina latsopano, Taizhen, ndipo kachisi wake anali mkati mwa mpanda wa nyumba yachifumu momwemo. Mu 745 anamupezera Li Mao mkazi wina wa banja la Wei, ndipo posakhalitsa Taizhen anavula zachipembedzo zija n'kulengezedwa kuti ndi Guifei. Mfumu inali ndi zaka pafupifupi 60, iye 26. Inu monga mkulu wa mpingo mukuona nokha kuti anatenga zopatulika n'kuziyesa chophimbira. Ndipo njira imeneyi m'banjamo sinali yachilendo, agogo ake aamuna, mfumu Gaozong, anakatenga Wu Zetian ku nyumba ya masisitere a chi Buddha, pamene mayiyo anali mmodzi wa akazi aang'ono a malemu bambo ake.

Li Mao akanatani? Abale ake atatu anali ataphedwa ndi bambo yemweyu zaka zochepa m'mbuyomo, anangokhala chete n'kulandira mkazi amene anamupatsayo, anakhala moyo mpaka 775. Nanga mtsikanayo akanakana? Taonani mmene moyo wake unalili ngakhale pa nthawi imene ankakondedwa kwambiri. Kawiri konse, mu 746 ndi mu 750, anayambana ndi mfumu ndipo anathamangitsidwa kupita kwa abale ake. Ulendo woyamba mfumu inalephera kudya tsiku lomwelo, kumangokalipira antchito, mpaka usiku anakamutenganso. Ulendo wachiwiri iye anadula tsitsi lake pang'ono n'kutumiza kwa mfumu, kutanthauza kuti zonse zimene ali nazo ndi za mfumu, chake chenicheni ndi thupi ndi tsitsi basi, mfumu itaona inamuitanitsa nthawi yomweyo. A mafilimu amaonetsa pamenepa ngati chikondi chokoma, ine ndimaonapo mkazi amene ankadziwa kuti moyo wake ndi wa abale ake onse uli pa mtima wa munthu mmodzi, ndipo mbiri siitchula mwana aliyense amene anabereka woti akanadzamuimira mawa.

Chifukwa chimene ambiri sadziwira za banja loyambali ndi ndakatulo yotchuka imene Bai Juyi analemba mu 806, patapita zaka 50 mayiyu atafa. Ndakatuloyo ndi imene inafalitsa nkhaniyi ngati ya chikondi chosatha, ndipo za Li Mao inangodumpha, inamuonetsa ngati namwali wokulira m'nyumba amene anthu sankamudziwa.

FUNSO: Azakhali ine ndimagulitsa zipatso pa Mbare Musika. Ndamva zoti mkazi ameneyu ankakonda malichi mpaka mahatchi kumafa panjira pomubweretsera, zoona? Komanso eti anali wonenepa?
Mayi wa zipatso, Mbare

YANKHO: Amayi, inu mukuwadziwa malichi kuposa ine, mukudziwa kuti akangothyoledwa masiku awiri atatu khungu lada kale, kukoma kwayamba kuthawa. Ku Chang'an samera chifukwa kumazizira, amamera kum'mwera kotentha. Nde boma linkagwiritsa ntchito mahatchi a mtokoma, amene ntchito yawo inali kuthamangitsa makalata a boma ndi uthenga wa nkhondo, wokwera akafika pa siteshoni amasintha hatchi n'kupitirira osapuma usana ndi usiku kuti zipatso zikafike zisanaonongeke. Akatswiri ena amati ankachokera ku dera la Guangdong, ena amati ku Sichuan, koma ngakhale njira yaifupiyo ikuposa ulendo wa Harare kukafika ku Blantyre kudzera pa Nyamapanda ndi Tete, ndipo yake inali ya m'mapiri. Anthu ndi ziweto ankavutikadi, ndipo ichi ndi chimodzi cha zinthu zimene zinapangitsa anthu wamba kudana ndi banja la Yang. Kungoti lamulo lotulutsa mahatchi a boma linkachokera kwa mfumu.

Za kunenepazo, anthu a ku China akhala akumukumbukira choncho, ngati mkazi wathupi, ndipo zithunzi ndi zoumba za nthawi ya Tang zimaonetsadi akazi a masaya odzaza ndi matupi athanzi, kumeneko kunali kukongola kwa nthawiyo. Amamuwerengera pa akazi anayi okongola koposa m'mbiri yawo, pamodzi ndi Xi Shi, Wang Zhaojun ndi Diaochan. Atsikana oonda amene amasewera mbali yake m'mafilimu lero akutsata maso a masiku ano.

FUNSO: Azakhali tiweruzeni. Ine ndi mayi akunyumba takangana usiku wonse magetsi atazima. Iwo akuti mfumu ija sinkamukonda mkaziyo, akuti mwamuna weniweni akanafa naye limodzi osati kumupereka kwa asilikali. Ine ndikuti munthu anali pakona, akanakana onse akanaphedwa nde phindu lake likanakhala chiyani. Ndani akunena zoona?
Dalaivala wa lole, Mufakose

YANKHO: Achimwene, tiyeni tione kaye mmene zinayendera. An Lushan ananyamuka ku Fanyang, kufupi ndi kumene lero kuli Beijing, mu Disembala 755 ndi asilikali pafupifupi 150,000, patangotha mwezi ndi masiku ochepa anali atalanda kale Luoyang, likulu lachiwiri, n'kudzitcha mfumu ya ufumu watsopano wa Yan. Chimene chinkatchinga Chang'an ndi mpata wopapatiza wa Tong, pakati pa mapiri ndi mtsinje. Akuluakulu ankhondo awiri odziwa ntchito, Gao Xianzhi ndi Feng Changqing, anautseka koma mfumu inamvera miseche ya mdindo wina n'kuwapha onse awiri. Inaikapo Geshu Han, mkulu wodwaladwala koma wanzeru, amene anati tingokhala pompano osatuluka adani atopa okha, ndipo anaugwiradi mpatawo kwa miyezi. Yang Guozhong poopa kuti Geshu Han angamutembenukire anaumiriza mfumu kuti imulamule atuluke akamenyane. Anatuluka akulira, asilikali ake anaphwasulidwa, njira ya ku likulu inatseguka.

Mbandakucha wina mu Julaye 756 mfumu inazemba mumzinda mwakachetechete pamodzi ndi Yang Guifei, azichemwali ake, Yang Guozhong, ana ndi zidzukulu zina ndi asilikali olondera, ulendo wa ku Shu, achibale ena ambiri amene ankakhala kunja kwa mpanda anangosiyidwa osauzidwa kanthu. Panjira akuluakulu a boma anali atathawa, chakudya panalibe, anthu wamba ndi amene anabweretsa mpunga wosakaniza ndi tirigu ndi nyemba, zidzukulu za mfumu n'kumalimbirana ndi manja. Mkulu wina wa m'mudzi anauza mfumu pamaso kuti za An Lushan anthu ankazidziwa kalekale koma obwera kudzanena munkawalanga, ndipo mfumu inavomera kuti kulakwa kunali kwake.

Tsiku lachiwiri, pa 15 Julaye, anafika pa siteshoni ya Mawei. Asilikali anali ndi njala, otopa, okwiya, mabanja awo atawasiya mumzinda umene adani akubwera kudzalanda. Nthumwi za ku Tibet zinaimitsa hatchi ya Yang Guozhong kudandaula za chakudya, asilikali n'kuyamba kukuwa kuti taonani akupangana ndi alendo, anamupha pomwepo mutu n'kuubaya pa mkondo. Kenako anazinga nyumba imene munali mfumu n'kukana kubalalika. Mkulu wawo Chen Xuanli ananena kuti Guifei nayenso sangakhalenso pambali pa mfumu. Mfumu inayankha kuti mayiyu amakhala mkati mwa nyumba yachifumu, zochita za mbale wakeyo akanazidziwa bwanji. Gao Lishi, mdindo wofulidwa amene anatumikira mfumuyi kuyambira unyamata wake, anavomereza kuti mayiyu alibedi mlandu, koma anati asilikali apha mbale wake nde sangakhale ndi mtendere iye akadali pafupi nanu, ndipo asilikali akakhala pamtendere inunso mukhala pamtendere. Mfumu inaima nthawi yaitali itatsamira ndodo, kenako inalola. Gao Lishi anapita naye pa kachisi wa chi Buddha pomwepo n'kumunyonga, mtembo anauika pabwalo kuti Chen Xuanli ndi anzake auone, atauona anavula zida n'kupepesa kwa mfumu, ulendo unapitirira. Palibe ngakhale mmodzi pa tsikulo amene anatchula mlandu wa mayiyu kuti walakwa chakutichakuti.

Kuti ankamukonda ine sindikayika achimwene, munthu wa akazi ochuluka chotere kukhala ndi mmodzi pamtima zaka zoposa 15 si zamasewera. Atabwerera ku Chang'an kumapeto kwa 757 anafuna kumuikanso m'manda mwaulemu, nduna zinaletsa poopa kuputa asilikali aja, nde anatumiza adindo mwamseri, anamubweretsera kathumba ka zonunkhira kamene anaikidwa nako m'manda, analira, analamula kuti ajambule chithunzi chake n'kumachiyang'ana m'mawa ndi madzulo. Komabe ine ndili mbali ya alamu angawo. Munthu amene anamuchotsa pabanja lake poti mphamvu anali nazo ndi yemweyo amene anamupereka tsiku limene mphamvuzo zinagwedezeka, ndipo pakona mukunenapo anadziikapo yekha, pang'onopang'ono kwa zaka 20. Chen Xuanli anali munthu wake wakalekale, anapitiriza kumulondera mpaka ku Chengdu ndi pobwerera pomwe, nde sindikhulupirira kuti mfumu inayesetsa mpaka pomaliza.

Mpando umene anautetezawo sanakhale nawo n'komwe. Pasanathe mwezi mwana wake Li Heng, amene anapatukana naye atachoka pa Mawei n'kulowera kumpoto, anadzilengeza mfumu ku Lingwu, ndi amene amatchedwa Suzong, bambo ake anangomva zitachitika kale. Ali ku Shu mkuluyu anakumbukira Zhang Jiuling uja anamuchenjeza mu 736, anatumiza munthu kukapereka nsembe pamanda ake, paja mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Mu 760 mdindo wamphamvu wa mfumu yatsopano, Li Fuguo, anamusamutsa mokakamiza kupita ku nyumba ina, Gao Lishi anapirikitsidwa kutali, Chen Xuanli anapumitsidwa ntchito, ndipo Xuanzong anamwalira mu 762 ali ndi zaka 76. An Lushan anaphedwa mu 757 mwa chiwembu cha mwana wake yemwe koma nkhondo inapitirira mpaka 763. Kalembera wa isanayambe nkhondo anapeza anthu pafupifupi 53 miliyoni, wa mu 764 anapeza pafupifupi 17 miliyoni, sikuti onse osowawo anafa ayi, ambiri anathawa kwawo ndipo boma linalibenso mphamvu zowerengera madera ena, koma amene anafa anali ochuluka zedi ndipo amenewo mafilimu sawalirira.

FUNSO: Azakhali ndaona pa Facebook kuti mayiyu sanafe, anathawira ku Japan ndipo manda ake ali kumeneko. Nzoona?
Mwana wa sukulu, Epworth

YANKHO: Mwana wanga, nthano imeneyo ilipodi ndipo ndi yakale, si ya pa Facebook pokha. Ku Japan m'chigawo cha Yamaguchi kuli kachisi amene ali ndi manda oti anthu akumeneko amati ndi ake, amati pa Mawei anaphedwa wantchito m'malo mwake iye n'kuthawa pa ngalawa. Ndakatulo ya Bai Juyi ija inkakondedwa kwambiri ku Japan ndipo kumapeto kwake mzimu wa mayiyu umapezeka pa chilumba cha m'nyanja, nde n'zosadabwitsa kuti anthu a pazilumba anamutenga kukhala wawo. Koma pa mayeso usakalembe zimenezo. Asilikali okwiya aja sanabalalike mpaka mkulu wawo, amene anakhala zaka zambiri akulondera mfumu, ataona mtembo ndi maso ake. Manda ake a ku China ali pa Mawei pomwepo, ku Xingping m'chigawo cha Shaanxi, alendo amapitako mpaka lero, ndipo anachita kuwakuta ndi njerwa chifukwa atsikana ankatapa dothi lake n'kumadzola kumaso pokhulupirira kuti liwakongoletsa.